Kwa mdzukulu wophunzira unamwino ndi uzamba

Mdzukulu wina wa ku Kamuzu University of Health Sciences wandilembera modandaula. Akuti aphunzitsi akuwachititsa timasewero, wina akhale mayi woyembekezera, wina namwino, kuti aphunzire kupereka moni, kudzitchula dzina ndi kufunsa bwino. Iye akuona ngati n'kutaya nthawi, poti ku wodi odwala ndi ambiri ndipo chachikulu n'kudziwa kuika diripi ndi kusoka.

Mwana wanga, diripi uphunzire ndithu, koma timasewero timeneto usatipepuse. Mayi wa kwathu kuno sanena za thupi lake mwachindunji. Akati "matenda ayamba", nthawi yobereka yafika. Akati "ndinapita padera", mimba inachoka. Malo obisika amati "kumaso". Ndipo apongozi ake akakhala pambali pa bedi atanyamula beseni ndi zitenje, pali zina sanganene ngakhale umufunse katatu. Uwapemphe mwaulemu kuti, "Amayi, tatipatsaniko kanthawi," kenako ukhale pansi, usamufunse utaimirira pamutu pake.

Ndikuuze za mwanamphepo. Amayi ena amamwa mankhwala achikuda amenewa asanafike kuchipatala kuti achire msanga. Mankhwalawa amalimbitsa kupweteka kwa mimba mopitirira muyeso, mpaka chiberekero chitha kung'ambika. M'kabuku ka kusikelo simulembedwa zimenezi, mwini wake yekha ndiye angakuuze. Ukamukalipira kuti "mwamwanso zakumudzi zanuzo?" akana, ndipo iwe ugwira ntchito mumdima. Koma ukati, "Mayi, pali chimene mwamwa kunyumba? Ndiuzeni kuti ndidziwe pokuthandizani," nthawi zambiri amaulula.

Mu 2007 boma litaletsa azamba akumudzi kubereketsa, amayi ena ankapitabe kwa iwo mobisa. Mtunda unali chifukwa chimodzi, koma china chinali pakamwa pa anamwino ena. Azamba aja ankamudziwa munthu ndi dzina, ankamusisita msana, ankamulimbitsa mtima.

Inenso zinandigwera pa mwana wanga wachitatu. Nditabuula, namwino anandiyankha kuti, "Ndinalipo ine pomwe munkatenga mimbayo?" Ndinangokhala chete, chonsecho mutu unkandipweteka kwambiri ndipo m'maso munkachita chidima. Sindinadziwe kuti zimenezo n'zizindikiro za BP yokwera, imene imakomola mayi wapakati. Anandipulumutsa ndi namwino wa usiku, amene anandifunsa kuti, "Mayi, mwangoti zii bwanji, mukumva chiyani m'thupimu?" Mpaka lero mawu a anamwino awiriwa ndimawakumbukira.

Zoti mumatopa ndikuzidziwa, ndipo ndikumva nawe chisoni. Komabe moni satenga ngakhale mphindi imodzi. Akakutumiza ku Mangochi, phunzirako moni wa Chiyao. Ukapita ku Rumphi, wa Chitumbuka. Ndipo ukamufotokozera mayi kamwedwe ka mankhwala, usamufunse kuti "mwamva?", poti aliyense amati eya chifukwa cha ulemu. Umuuze kuti, "Tandibwerezereni, mukamwa bwanji mukafika kunyumba?"