Mayuniti 60 okha sakufikitsani ku dipatimenti ya History

Mchemwali wina amene akuphunzira pa community college (koleji ya zaka ziwiri) ku California wanditumizira imelo. Akufuna kukamalizira digiri ya mbiri yakale (History) ku yunivesite, ndiye akufunsa ngati mayuniti 60 (muyezo wa makosi amene munthu wamaliza) akukwanira. Funso limeneli limandikhudza, achemwali, chifukwa ana asukulu ambiri amawerenga mayuniti ngati ndalama za m'thumba, osafunsa ngati ndalamazo zimagula kumene akupitako.

Inde, University of California (UC) imafuna mayuniti 60 a semesita, ndipo GPA (avareji ya magiredi anu) isatsike pa 2.4 kwa amene boma limawatenga kuti ndi okhala mu California, kapena 2.8 kwa ochokera kunja, monga inu muli pa visa ya ophunzira ya F-1. Koma manambala amenewa angokulolani kutumiza fomu basi. Musanalembetse kosi ina iliyonse, tsegulani ASSIST.org, tsamba losonyeza makosi amene yunivesite imavomera, musankhe koleji yanu, yunivesite imene mukuifuna, kenako History. Apo ndi pamene anthu amagwa: kosi itha kuwerengedwa ngati yuniti wamba koma dipatimenti osaivomera pa zimene ikufuna, ndiye mukafika mukaibwereza pa mtengo wa yunivesite. Kuunjika makosi sikuthandizanso, pakuti UC imawerenga mayuniti 70 okha ochokera ku community college.

Komatu chimene chimagwetsa ophunzira a History akasamuka si mayuniti. Ndi kuwerenga ndi kulemba. Pa koleji mumadalira buku limodzi lalikulu lofotokoza mwachidule mbiri ya America kapena ya dziko lonse, ndipo amene ali ndi mutu woloweza zaka amakhoza. Ku yunivesite kuloweza sikupulumutsa munthu. Mphunzitsi atha kukupatsani buku lathunthu la katswiri mmodzi kuti mulimalize pa sabata, nkudzakufunsani kuti mfundo yake ndi iti, umboni wake anautenga kuti, ndipo ukufooka pati. Kuwonjezera apo, masukulu a UC, kupatula Berkeley ndi Merced, amayendera teremu ya masabata 10. Mukadwala sabata yachitatu, yachisanu mayeso afika kale.

Ndiye ndikunena mosapsatira: kusankha aphunzitsi opereka magiredi mosavuta kuti GPA ikwere nkudzinyenga. Funani amene amalembetsa mapepala aatali ndi kuwabweza atadzaza ndemanga. Phunzirani tsopano kulemba mawu a m'munsi mwa tsamba motsatira kalembedwe kotchedwa Chicago, chifukwa ndiyo njira ya akatswiri a mbiri. Ndipo yambani kuzolowera zolembedwa za nthawi imene zinthu zinkachitika. Chitsanzo muli nacho cha kwathu. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerera mu 1900. Ataukira atsamunda mu 1915, boma lomwelo linakhazikitsa bungwe lofufuza. Tengani lipoti lakelo mudzifunse: analemba ndani, ankalembera ndani, nanga amene ankagwira thangata m'minda ya Magomero mawu awo akumveka motani? Wokhoza kuyankha zimenezo pa masamba asanu ndi wokonzeka. Nkhani yotere ikuthandizaninso pa fomu ya UC, pamene osamuka onse amayenera kufotokoza m'mawu osapitirira 350 mmene akonzekerera maphunziro awo.

Masiku oti muwalembe pakhoma

Mu Seputembala tumizani TAG, pangano lokutsimikizirani malo mukakwaniritsa zofunika. Mumasankha sukulu imodzi yokha mwa Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz. UCLA, Berkeley ndi San Diego mulibe. Fomu yeniyeni ya UC ipite Novembala asanathe, ndipo mu Januwale mudzalowetse magiredi atsopano. Ngati mtima uli ku California State University, digiri ya AA-T ya History, imene mumaipeza pa community college, imakupezetsani malo m'gululo, ngakhale kuti si pa sukulu yeniyeni imene mwailoza.

Ngati munaphunzirako ku yunivesite ina ku Malawi, lembani makosi onsewo pa fomu, ngakhale amene simunakhoze. Akadzazindukira kuti munabisa atha kukulandani malo. Akakutengani, pitani ku ofesi ya ophunzira akunja ya koleji yanu mukagwirizane tsiku losamutsira mbiri yanu ya mu SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, chifukwa popanda zimenezo yunivesite singakupatseni I-20 yatsopano, chikalata chimene visa yanu ya F-1 imadalira.