Sefa ya utsi ya Canter yanu: tengani yotuwa ija

Achimwene, mwati DPF (sefa yogwira mwaye wa mu utsi) ya Canter yanu yonyamula mbatatesi kuchokera ku Tsangano yang'ambika mkati, ndipo ogulitsa ku Tete akuonetsani ziwiri, yoyererako yotchipa ndi yotuwa yodula. Ine ndikuti tengani yotuwayo ngati nambala yake ikugwirizana ndi galimoto yanu.

Zonse ziwiri n'zoumba. Mkati muli timipata tambirimbiri, kena kotsekedwa kutsogolo, koyandikana nako kotsekedwa kumbuyo, choncho utsi ulibe kolowera koma kudutsa m'khoma lenilenilo, monga madzi amachitira thukuta pa mtsuko. Mwaye umatsalira m'khomamo. Ukachuluka, kompyuta ya galimoto imawonjezera dizilo kuti kutentha kufike pafupifupi madigiri 600, mwayewo upse.

Apa ndiye pagona nkhani. Yoyererayo ndi cordierite. Ndi yopepuka, siifufuma kwenikweni ikatentha, n'chifukwa chake amaiumba chibulumwa chimodzi. Koma siimwaza kutentha msanga, ndipo imasungunuka cha m'ma madigiri 1,450. Mwaye ukaunjikana mopitirira, n'kuyaka inu mutaima injini ikungolira, mpweya woziziritsa umachepa, moto umasonkhana malo amodzi chakumbuyo, sefa n'kung'ambika kapena kusungunuka. Yotuwayo ndi silicon carbide. Imamwaza kutentha thupi lonse ndipo moto wa mwaye sungaisungunule. Iyo imafufuma kwambiri, ndiye amaipanga tizidutswa ta ngodya zinayi n'kutimata pamodzi. Mukaisuzumira kukamwa mudzaona mizere ya simenti yoduladula nkhope yake. 

Galimoto yanu imathera nthawi yaitali ikuzungulira m'minda ndi kudikira matumba, injini ili yolira. Potsikira ku Moatize injini siilimbana ndi katundu kwenikweni, utsi sutentha mokwanira. Mwaye umadzaza chonchi, ndipo sefa yopirira moto wadzidzidzi ndi imene ingakukhalitseni. Nyali ya DPF ikayaka musazimitse galimoto pa msika. Pitirizani kuyenda, makamaka pokwera kubwerera kumtunda, mpaka izime yokha.

Musanamange yatsopano, makaniko ayeze manozulo (opopera dizilo mu injini) ndi tabo (yokankhira mpweya mu injini). Ngati injini ikufuka kapena kudya oyilo, ngakhale yodulayo siichedwa kutsekeka. Oyilo akhale wa phulusa lochepa, wolembedwa DH-2, CK-4 kapena amene buku la galimoto likunena, chifukwa phulusa la oyilo silipsa ayi, limangodzaza timipata mpaka mutachotsa sefa n'kukaitsukitsa pa makina. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musiyeni. Kuyambira 2017 dziko lino limaitanitsa dizilo wa salifa wosapitirira 50 ppm (magawo 50 pa miliyoni), koma wa m'chigubu simudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani.

Amene akukuuzani kuti mungoiboola ndi chitsulo musawamvere. Utsi wakudawo amaupuma ndi anyamata anu okweza matumba kumbuyo, ndipo bungwe lofufuza za khansa pa dziko lonse la IARC linauika m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2012.

Ngati ili yogwiritsidwapo kale ntchito, lowetsani chala mbali yotulukira utsi. Chikatuluka chakuda, ndiye kuti yang'ambika kale, ibwezeni pomwepo.