Adokotala apempha amayi kulowa m'kafukufuku wa jakisoni wa m'diso. Avomere?

Kalata iyi yachokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Amayi anga akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri, ndipo tsopano diso lawo lakumanja likuona mwachimbuuzi. Adokotala akuti kuseri kwa diso kwatupa, ndipo atipempha kuti amayi alowe m'kafukufuku wa mankhwala atsopano obaya m'diso. Amayi akukana, akuti iwo si khoswe woyeserapo mankhwala. Achimwene anga apeza pa Facebook chipatala china chakunja chimene chikuti chimachiza maso ndi ma stem cell, bola tilipire. Titsate ziti?"

Zikomo mayi polemba, ndipo pepani ndi matendawa. Za pa Facebook zija za ma stem cell (maselo amene amatha kusanduka maselo a mitundu ina ya m'thupi) zisiyeni ndithu, musatumizeko ndalama. Za adokotala musafulumire kukana. Pitani mukafunse bwinobwino, ndipo mayankho akakhala omveka, ine ndingawalimbikitse amayi kuti alowemo. Komabe mawu omaliza ndi awo, poti diso ndi lawo.

Mantha a amayi ndikuwamvetsa. Munthu ukamva dokotala akuti "tikuyesa", mtima umati uyu sakudziwa chimene akuchita. Koma tsoka lina lalikulu m'mbiri ya matenda a maso linabwera pamene madokotala anali otsimikiza mtima, osaona chifukwa choyesera. M'zaka za m'ma 1940 zipatala za m'mayiko olemera zinkaika ana obadwa masiku osakwana m'mabokosi ofunditsa, n'kumapoperamo mpweya wa okosijeni wochuluka. Zinkaoneka zanzeru kwa aliyense: mwana akupuma movutika, mpatseni mpweya. Mu 1942 dokotala wa ku Boston, Theodore Terry, anafotokoza za khungu lachilendo mwa ana oterewa, ndipo pofika 1953 ana pafupifupi 10,000 anali atachita khungu. Ena ankaloza chala kuwala kwa magetsi, ena mavitamini. Kate Campbell wa ku Melbourne ndiye analemba mu 1951 kuti mwina vuto ndi mpweyawo.

Dokotala wachinyamata wa ku Washington, Arnall Patz, anagawa ana m'magulu awiri, ena mpweya wambiri monga mwa nthawi zonse, ena wocheperako. Anamwino ena a usiku, pomvera ana chisoni, ankawonjezera mpweya mobisa kwa a gulu lachiwirili. Ngakhale zinali choncho, zotsatira za mu 1952 zinayankhula zokha: mwa ana 28 olandira mpweya wambiri, 7 maso awo anawonongeka kwambiri, pamene mwa 37 a gulu linalo panalibe ndi mmodzi yemwe. Kafukufuku wamkulu wa zipatala 18 anatsimikizira zimenezi mu 1954. Anamwino aja ndimawaganizira kawirikawiri. Anali anthu achifundo, ndipo ankachita zimene anaphunzitsidwa. Ndi maso awo sakanatha kuona kuti mpweya umene ukupulumutsa mwana lero ukuwononga timitsempha ta m'maso mwake. Zimenezo zinaoneka pokhapokha atayerekeza magulu awiri. Nkhaniyo sinatherenso pomwepo, chifukwa kuchepetsa mpweya mopitirira muyeso kunaphetsa ana ena, ndipo mpaka mu 2010 ndi 2013 ofufuza anali akufunafunabe muyeso woyenera.

Tibwere ku matenda a amayi. Shuga akakhalitsa m'magazi amafooketsa timitsempha ting'onoting'ono ta mu retina, kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala kuseri kwa diso. Timitsemphato timayamba kudontha, madzi n'kudzaza pakati penipeni pa retina, pamalo otchedwa macula, pamene timawerengera ndi kuzindikira nkhope za anthu. Chimbuuzi akuonacho chikuchokera pamenepo.

Chithandizo chilichonse chodalirika cha matendawa chinabwera kudzera mwa anthu ngati amayi anu amene anavomera. Mu 1971 ku America kunayamba kafukufuku wotchedwa Diabetic Retinopathy Study, wa odwala oposa 1,700. Nthawi imeneyo madokotala ankatsutsana ngati kuwotcha timadontho pa retina ndi kuwala kwamphamvu kumathandiza kapena kumangowononga. Wodwala aliyense anamuwotcha diso limodzi, losankhidwa mwamaere, linalo n'kulisiya. Pofika 1976 zinaoneka kuti chithandizocho chikuchepetsa khungu ndi kupitirira theka, ndipo ofufuza sanadikire kuti nthawi yawo ikwane. Anasintha ndondomeko kuti maso otsala aja, amene anali pangozi yaikulu, athandizidwenso. Kafukufuku woyenda bwino amakhala ndi anthu apadera oyang'anira zotsatira ali mkati, ndipo ali ndi mphamvu yomuimitsa.

Majakisoni a m'diso anabwera pambuyo pake. Mu 1989 Napoleone Ferrara ndi anzake anafotokoza za puloteni yotchedwa VEGF, imene imameretsa mitsempha yatsopano komanso kuichititsa kudontha. Kuchokera pamenepo kunapangidwa mankhwala oitsekereza: ranibizumab, amene analoledwa ku America mu 2006 pa matenda a macula a okalamba ndipo mu 2012 pa kutupa kwa macula kobwera ndi shuga, kenako aflibercept. Palinso bevacizumab, amene anapangidwira khansa koma Philip Rosenfeld wa ku Miami anayamba kubaya m'maso mu 2005, ndipo ndi otsika mtengo kwambiri. Mu 2015 anatulutsa zotsatira za odwala shuga 660 amene anawagawa mwamaere pa mankhwala atatuwa. Kwa amene maso anali asanaipe kwambiri, onse atatu anathandiza mofanana. Kwa amene ankaona movutikirapo, aflibercept anaposa enawo m'chaka choyamba. Taonani phindu lake: dokotala lero akhoza kuyang'ana mmene wodwala akuwerengera zilembo n'kudziwa mankhwala omuyenera, ndipo kwa ambiri otsika mtengo aja amakwanira. Nzeru imeneyi sakanaipeza ngakhale atabaya maso zaka makumi awiri payekha.

Tsono chimene amayi angakumane nacho n'chiyani? Mankhwala asanafike kwa munthu amakhala atadutsa mu labotale ndi pa zinyama, ndipo makoswe amene amayi akunenawo ntchito yawo imathera kumeneko. Kwa anthu amayamba ndi gawo loyamba, la anthu ochepa, pofuna kuona ngati mankhwala sakuvulaza. Gawo lachiwiri limafufuza muyeso, ndipo lachitatu, la anthu mazana kapena masauzande, limayerekeza mankhwala atsopano ndi amene alipo kale. Funso lanu loyamba likhale limeneli: kafukufukuyu ali pa gawo liti? Kulowa m'gawo lachitatu n'kosiyana kwambiri ndi kukhala m'gulu la anthu oyambirira kubayidwa mankhwalawo.

Tsiku la chipatala limayamba ndi kuwerenga zilembo pa tchati chowala, kawirikawiri ali pa mtunda wa mamita 4, zilembo zisanu pa mzere uliwonse. Amawerenga chilembo chimodzichimodzi n'kulemba chiwerengero, ndipo kuwonjezeka kwa zilembo 15, imene ili mizere itatu, amakutenga kukhala kusintha kwakukulu. Kenako amayi amatsamiritsa chibwano pa makina a OCT, amene amajambula retina mopingasa osakhudza diso, moti madzi aja amaoneka pa kompyuta ngati timabowo takuda. Jakisoni weniweniyo satenga nthawi. Amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, amatsuka diso ndi ayodini, amaika kachitsulo kogwira zikope, n'kuwauza kuti ayang'ane kumbali. Singano yopyapyala kwambiri imalowa pa choyera cha diso, mamilimita 3.5 kapena 4 kuchokera m'mphepete mwa chakuda, ndipo mankhwala ake ndi kadontho chabe, nthawi zambiri mamililita 0.05. Ambiri amamva kukanikizidwa basi, kenako tsiku limenelo diso limathwethwa ngati muli mchenga.

Gulu limene amayi adzagwere amasankha ndi kompyuta, osati adokotala, ndipo mwina sadzauzidwa mpaka kumapeto. Anthu ena zimenezi amaziona ngati chinyengo, koma cholinga chake n'chakuti woyeza maso asakondere mankhwala amene akuwakhulupirira. Pali miyezi ina imene angangokanikiza diso ndi sirinji yopanda singano, kuti amene akubayidwa patalipatali asasiyane ndi anzawo. Apa ndi pofunika kutcherapo khutu. Popeza kutupa kwa shuga kuli ndi mankhwala odziwika kale, funsani kuti a gulu linalo akulandira chiyani. Yankho lokhutiritsa ndi lakuti akulandira mankhwala odziwikawo. Funsaninso kuti diso likamaipiraipira adzachita chiyani, ndipo ndi pa chiwerengero chanji cha zilembo pamene adzasiye za kafukufuku n'kuthandiza diso mwa njira yodziwika.

Ngozi zilipo, ndipo sindingakubisireni. Mankhwala a brolucizumab anadutsa magawo onse n'kuloledwa mu 2019, koma mu 2020 kunayamba kumveka za odwala ena ochepa amene mitsempha ya mu retina inatupa ndi kutsekeka atabayidwa, ena mpaka kuwonongeka maso. Mankhwala atsopano amatha kubisa vuto limene limagwera munthu mmodzi mwa ambirimbiri. N'chifukwa chake kawirikawiri amalowetsa diso limodzi lokha m'kafukufuku, ndipo amayeza wodwala pafupipafupi kuposa mmene amachitira masiku wamba.

Tsopano za achimwene anu. Iwo akufunira amayi zabwino, choncho musakangane nawo, ingowafotokozerani nkhani ziwiri izi, zimene zinatuluka m'magazini imodzi ya madokotala, New England Journal of Medicine, m'kope limodzi la mwezi wa March 2017. Mu 2015 ku Florida amayi atatu a zaka pakati pa 72 ndi 88, odwala macula, analipira madola 5,000 aliyense pa kiliniki ina. Anawapopa mafuta a pamimba, n'kusefamo maselo, n'kuwabaya m'maso onse awiri tsiku lomwelo. Pasanapite nthawi m'maso munayamba kutuluka magazi, retina n'kumatuka. Onse atatu maso awo anawonongeka kwambiri, mmodzi mpaka osaonanso ngakhale kuwala. Asanapite kumeneko ankaonabe ndithu. Chomvetsa chisoni china n'chakuti ntchito ya eni kilinikiyo inalembedwa pa tsamba la boma la America la mndandanda wa kafukufuku, moti kungopezeka pa mndandanda si umboni wokwanira.

Nkhani inayo ndi ya Masayo Takahashi ndi gulu lake ku Kobe, ku Japan. Anatenga maselo a pakhungu la mayi wina wokalamba, anawasandutsa ma stem cell mu labotale, n'kukuza kansalu ka maselo a pansi pa retina, ndipo mu September 2014 anakaika m'diso limodzi pochita opaleshoni. Patatha chaka kansaluko kanali bwinobwino, maso sanaipirepo koma sanawongokerenso, ndipo iwo analemba zomwezo osakometsa. Wodwala wachiwiri anali atakonzeka, koma atayeza maselo ake anapezamo kusintha kwina kwa chibadwa, ndipo opaleshoniyo anaiimitsa. Ine gulu limeneli ndimalilemekeza chifukwa cha opaleshoni imene sanachiteyo kuposa imene anachita. Ntchito ya ma stem cell m'maso ndi yeniyeni ndipo ikupitirira, koma palibe jakisoni wa ma stem cell wotsimikizika wochiza kutupa kwa shuga. Aliyense wokulipiritsani ndalama zambiri pa chithandizo choyesera, wofuna maso onse awiri tsiku limodzi, woonetsa mavidiyo a anthu oyamikira m'malo mwa zotsatira zolembedwa, mthaweni.

Mukamapita kwa adokotala pitani nonse, ndi achimwene omwe, ndipo musaope kuoneka ovuta, paja safunsa anadya phula. Pemphani fomu yachilolezo mupite nayo kunyumba, muiwerenge mofatsa m'chiyankhulo chimene amayi amamva. Pafomupo payenera kukhala dzina la mankhwala, dzina la amene akupereka ndalama za kafukufuku, ndi dzina la komiti yoona za ufulu wa odwala imene inavomereza, pamodzi ndi njira yoifikira popanda kudzera mwa adokotalawo. Malamulo amene madokotala a padziko lonse anagwirizana ku Helsinki mu 1964, ndipo akhala akuwakonzanso, amati munthu ali ndi ufulu wokana kapena kutuluka nthawi iliyonse popanda kutaya chithandizo chake cha nthawi zonse. Amayi amve zimenezi kuchokera pakamwa pa adokotala. Ngati anadwalapo sitiroko kapena mtima posachedwapa, anene, chifukwa mankhwala a mtundu umenewu amafuna kusamala pamenepo.

Funso limene ambiri amaiwala ndi lakuti kafukufuku akatha, jakisoni adzachokera kuti? Kutupa kwa shuga sikutha ndi jakisoni mmodzi. Chaka choyamba amabaya kambirimbiri, ndipo ena amafunabe majakisoni zaka zotsatira. Dziwani pasadakhale amene adzapitirize kuwaona amayi, komanso amene adzalipire chithandizo ngati mankhwala atawavulaza.

Amayi akakanabe, musawaumirize, koma kukana kafukufuku kusasanduke kukhala pakhomo. Apemphe chithandizo chodziwika kale, ndipo asachedwe, chifukwa madzi akakhalitsa mu macula amapha maselo amene sabwereranso. Shuga ndi kuthamanga kwa magazi azisamalidwa monga kale. Ndipo kaya abayidwa m'kafukufuku kaya kunja kwake, m'masiku otsatira jakisoni muziyang'anira diso. Kachidontho kofiira pamene panalowa singano n'kosaopsa, kamatha kokha. Koma ululu ukamakula, diso likafiira lonse, kuwala kukamawapweteka kapena kuona kukatsika, amenewo akhoza kukhala majeremusi m'kati mwa diso. Zimachitika mwa apo ndi apo, kamodzi pa majakisoni masauzande, koma zimawononga diso m'masiku ochepa. Zikatero pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ndi usiku, osadikira tsiku limene anawalembera.