Dell yanu ya ku Limbe ija musaithire mafuta, yambani mwaitsuka

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwatola kiyibodi ya Dell AT101W pa kaunjika ku Limbe, mabatani akukhakhala ngati muli mchenga, ena akukakamira mukawadina m'mbali, ndipo ikulira ngati chitini chopanda kanthu. Mukufunsa mafuta oti muthiremo, komwe mungapeze mabatani ena okongola, komanso ngati kuli bwino kuzula maswitchi onse, tizipangizo tokhala pansi pa batani lililonse, n'kuikamo atsopano. Za mabatani okongolazo ayankhe ena. Ine ndinenapo za m'katimo, chifukwa ndi pomwe ndinaluzirapo kiyibodi yomwe mpaka lero imandiwawa.

Amene alemba pamwambapa kuti mupopere mafuta a m'chitini aja timamasulira mabawuti adzimbiri, ena akuti vaselini, ena mafuta a makina osokera, ndikukhulupirira kuti sanatsegulepo switchi ya Alps ngakhale imodzi. Chonde musawamvere. Nawonso akuti muthire girizi wa Krytox 205g0 akungobwereza zomwe anaona pa YouTube, koma mavidiyo ambiriwo amanena za maswitchi a Cherry MX ndi abale ake, pomwe yanuyo ndi mtundu wina.

Zulani batani limodzi muone. Mukapeza kachidutswa kakuda kokhala ndi bowo lamakona anayi, osati kamtanda ka Cherry, ndiye kuti muli ndi Alps SKCM akuda, omwe ndi amene anadzaza mu AT101W. Kampani ya Alps ya ku Japan inayamba kupanga banja la maswitchi amenewa mu 1983, ndipo analowa m'makiyibodi otchuka monga Apple Extended Keyboard ya 1987. M'kati mwa switchi imodzi muli slider, kachidutswa kakuda kaja kamene kamatsika n'kukwera, muli sipuling'i, mbali imodzi muli kabokosi kopyapyala kolumikiza magetsi, mbali inayo muli kachitsulo kopindika komwe kamapangitsa kuti chala chimve kakudumpha pakati pa ulendo. Vuto lake n'lakuti slider amayenda mogundana kwambiri ndi makoma a nyumba yake, ndipo pamwamba pali mpata woti fumbi lilowe. Ndiye taganizani kiyibodi ya m'zaka za m'ma 1990, yakhala m'sitolo ya ofesi zaka zingapo, kenako yayalidwa pansi pa msika. Kukhakhala mukumvako si kuuma ayi. Ndi dothi.

Mukathira mafuta pa dothi mumapanga matope. Ine ndinachita zimenezo.

Zaka zingapo zapitazo ofesi ina m'tauni muno inkataya katundu wakale, ndipo ndinagulako kiyibodi ya Focus FK-2001 ya maswitchi a Alps amtundu woyera, aja olira kuti tyaa tyaa ukadina. Inali yafumbi koma batani lililonse linkagwira ntchito. Mnzanga wina anandiuza kuti ingofunika kupopera basi, ndipo ndinapopera switchi iliyonse, osatsegula n'komwe. Sabata yoyamba inkatsetsereka bwino kwambiri, ngakhale kulira kuja kunali kutayamba kufooka chifukwa kachitsulo kolirako kanamatira ku khoma. Munali mu Seputembala, ndipo ine ndimakhala ku Chirimba, m'mbali mwa msewu wadothi. Pofika pakati pa Okutobala mabatani anali akubwerera mwaulesi, E akulemba kawiri, N osalemba mpaka udine mwamphamvu. Nditatsegula switchi imodzi ndinapeza phala lakuda lomata, litalowa mpaka m'kabokosi ka magetsi kaja, komwe burashi safika. Pofuna kupulumutsa zinthu ndinatsuka zonse ndi madzi otentha kwambiri n'kuyanika padenga lamalata masana. Batani lalitali la space linapindika ngati nthochi, chitsulo chapansi chomwe sichinaume bwino m'makona chinachita dzimbiri. Kiyibodi yomwe inapirira zaka pafupifupi 30 ine ndinaimaliza m'miyezi iwiri. Ndiye ndikamati musapopere, sindikunena zongomva.

Ubwino wa Alps ndi woti simufunika soldering iron, chitsulo chotentha chija chowotcherera mawaya. Switchi imatseguka kuchokera pamwamba ili pomwepo pa bolodi. Choncho zozula onse n'kuika atsopano ziiwaleni. Mabowo a chitsulo ndi a bolodi ndi a Alps, Cherry sangalowe, ndipo okhawo amakono olowa ndi monga a Matias, omwe kuno simuwapeza. Ndiponso mukazula, chomwe munagulira kiyibodiyo chatha.

Pozula mabatani ndi pomwe ambiri amaswera zinthu. Mwendo wa batani la Alps umagwira zolimba, ndipo mukalikoka mopendeketsa umathyokera m'bowo. Pindani kawaya kolimba ngati U, kolowetsani pansi pa makona awiri, kokani molunjika m'mwamba pang'onopang'ono. Mabatani akuluakulu monga Shift, Enter ndi space ali ndi kawaya pansi komangika pa timapulasitiki tosachedwa kuthyoka, ndiye kwezani pang'ono, suzumirani, masulani kawayako kaye. Jambulani chithunzi musanazule chilichonse.

Kutsegula switchi kumafuna timitengo tiwiri totokosera mano. Kumanzere ndi kumanja kuli timapiko togwira chivindikiro; lowetsani kamtengo mbali iliyonse kuti timapikoto titanukire kunja, kenako kokani chivindikirocho. Onetsetsani komwe kachitsulo kopindika kayang'ana ndi komwe slider wayang'ana, mujambulenso. Kabokosi ka magetsi kamatsala pa bolodi, kasiyeni pomwepo, musakapinde. Yambani ndi Scroll Lock kapena Pause, mabatani omwe simuwagwiritsa ntchito, mutsegule n'kutseka katatu mpaka manja azolowere. Oyamba amatenga nthawi, makamaka pobwezera sipuling'i kuti ikhale pa kamsomali kake.

Zivindikiro ndi ma slider aikeni m'beseni la madzi ofunda, oti dzanja likhalamo bwinobwino, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Zivundike ola limodzi, kenako chimodzichimodzi ndi mswachi wakale, makamaka m'tinjira ta m'mbali momwe slider amadutsa. Ntchito yeniyeni ili pamenepa, ndipo mabatani ndi opitirira 100, ndiye konzekerani Loweruka ndi Lamulungu lathunthu. Potsukuluza komaliza ine ndimagwiritsa ntchito madzi a batire (distilled water) aja amagulitsa kosungira zipangizo za magalimoto, madzi okhaokha osati asidi, chifukwa sasiya mawanga oyera. Yanikani pa lichero m'nyumba, pamthunzi, masiku awiri. Ikakhala nyengo ya chiperoni onjezerani tsiku lina, chifukwa m'timakona madzi amabisala. Masipuling'i ndi tizitsulo topindika musatiike m'madzi, tipukuteni ndi isopropyl, sipiriti wotsukira zamagetsi. Pansi potsala pa bolodi pukutani ndi thonje la m'makutu lonyowetsa pang'ono isopropyl yomweyo, ndipo batani likamalemba kawiri donthezani kadontho pa kabokosi ka magetsi, dinani kangapo, kaume.

Isopropyl funsani kwa anyamata okonza mafoni, ambiri amakhala nayo ndipo amatha kukugawirani m'kabotolo. Koma nunkhizani, chifukwa ena amatsukira mabolodi ndi thinner. Thinner komanso acetone, kuphatikizapo mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, zimasungunula pulasitiki ya ABS yomwe ili pa mabatani ndi chikwama cha Dell yanuyo. Sipiriti wamtundu wapepo uja nayenso amasiya utoto.

Mukabwezera zonse zili zouma, lembani nayo sabata imodzi musanaganize za china. Nthawi zambiri mavuto ambiri amathera pomwepa.

Ikapitiriza kukhakhala, njira yomwe ine ndayesa n'kukhutira nayo ndi ya phula la kandulo. Tengani botolo lagalasi la jamu, ikani ma slider okhaokha, thirani madzi otentha kwambiri, palirani kandulo yoyera wamba pang'ono chabe, kosaposa njere ziwiri za chimanga, tsekani, gwirani ndi nsalu, khutchumulani mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako khuthulirani pa sefa madzi asanazizire. Pamatsala kachikuto kopyapyala kouma, kosamata fumbi, ndipo kuno kwathu chimenecho ndiye chofunika. Ma slider amapirira kutenthako, koma mabatani musawayese n'komwe. Phula likachuluka mudzaona zibuma zoyera ndipo switchi imalemera. Zikatero wiritsaninso m'madzi opanda kanthu. Makandulo onunkhira kapena amitundu ayi. Yesani kaye ma slider 5, muyerekeze ndi osapaka.

Tsono ndikuuzeni chilungamo pa Alps akudawa. Ngakhale atayera bwanji sadzafika pa Alps alalanje a mu Apple ya 1987 kapena abuluu akale. Anabwera mochedwa, kampani itayamba kuchepetsa mtengo wopangira, ndipo kudumpha kwawo kumamveka ngati galimoto pa msewu wa mabampu, osati bampu imodzi yoyera. Ambiri mwa a mu AT101W ndi aja okonda zinthuzi amawatcha bamboo, opanda timing'alu tiwiri pa chivindikiro, ndipo mawu ake ndi opyapyala poyerekeza ndi akale otchedwa pine. Pali njira ziwiri zowasinthira. Yoyamba ndi kungochotsa kachitsulo kopindika kaja. Switchi imagwirabe ntchito chifukwa magetsi ali mbali inayo, ndipo imatsika mosalala popanda bampu. Ineyo yanga ya tsiku ndi tsiku ndinaichita zimenezi ndipo sindinabwererenso. Mawu ake anazama, zala sizitopa. Tizitsuloto sungani mu envulopu, tsiku lina mudzatifuna. Yachiwiri ndi kuwongola kapena kudula timakutu tiwiri ta pamwamba pa kachitsuloko kuti kazimasuka n'kumenya khoma, switchi n'kuyamba kulira ngati oyera aja. Imatheka, koma mukadula mwadula, ndipo kuti onse 104 alire mofanana ndi ntchito yovuta. Ena amalira, ena amangonong'ona. Sindikulimbikitsani.

Kulira ngati chitini kuja, mbali yaikulu si maswitchi. Chikwama cha AT101W n'chachikulu ndipo m'kati muli mphako. Tsegulani, yalani kasiponji kopyapyala pansi pa bolodi, ngakhale kaja kamabwera m'makatoni a TV, bola kasakanikize bolodi potseka. Kenako pindani chitenje kawiri muyale pa tebulo. Tebulo lachitsulo kapena lagalasi limakuza phokoso lililonse, ndipo ambiri amatsutsa kiyibodi pomwe wolakwa ndi tebulo. Malo okhawo omwe ndimalola girizi ndi pa tiwaya ta Shift, Enter ndi space, pomwe waya wakumana ndi pulasitiki: kadontho ka dielectric grease ya silikoni, yomwe amakanika a zamagetsi a galimoto amaidziwa. Kugwedera kwa space kumathera pomwepo. Masipuling'i akamalira kuti ng'ii, kukhudza nsonga zake ndi mafuta opyapyala a Krytox 105 kumathandiza, koma ine ndimangowasiya, chifukwa siponji ikalowa sizimvekanso kwenikweni.

Za mitengo, musandigwire pakamwa chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023 zinthu sizikhala malo amodzi. Kabotolo kakang'ono ka Krytox kunja kamakhala cha m'ma dola 10 kapena kuposerapo pang'ono, musanawerengere zotumizira, ndipo muno mu Blantyre sindinakaonepo pa shelefu. Wofuna amatuma munthu wochokera ku Joni. Pa Dell yanuyo ndalama imeneyo ndi yongotaya. Kandulo, sopo, madzi a batire, timitengo ta mano ndi kabotolo ka isopropyl, zonse pamodzi si zodula. Amene akufuna Krytox 205g0 ndi mnzathu wina amene analemba muno kuti ali ndi kiyibodi ya Cherry G80 ya maswitchi akuda. Pamenepo ndiye pake, kopyapyala ndi kaburashi.

China chomwe simunafunse. Dell imeneyo ndi ya PS/2, pulagi yozungulira ija. Timaadaputala tating'ono tosinthira ku USB, tobiriwira kapena tapepo, tomwe tadzaza m'misika mulibe chipi m'kati mwake, timangolumikiza mawaya, ndipo pa kiyibodi yakale chonchi sitigwira ntchito. Ambiri amataya kiyibodi yabwinobwino poganiza kuti yafa. Funani ya chingwe yokhala ndi kabokosi pakati, yolandira kiyibodi ndi mbewa, ndipo pitani ndi laputopu yanu mukayesere pomwepo musanalipire. Ndipo mukadzabwerera ku Limbe n'kuona kiyibodi ya IBM yolemera ngati njerwa, yolembedwa Model M pansi, itengeni osanenerera kwambiri. Imeneyo ndi ya buckling spring, sipuling'i yopindika ukadina batani, IBM inayamba kuipanga mu 1985, ndipo simafuna mafuta ngakhale dontho. Ingoigwedezani pafupi ndi khutu: mukamva tinthu tikuyendayenda m'kati, ndi timitu ta pulasitiki togwira chitsulo cham'munsi tomwe tathothoka, ndipo tikachuluka pamafunika kuboola n'kumanga ndi timabawuti.

Focus yanga ija sindinaitaye. Ili m'katoni, ndipo masipuling'i ake ndi tizitsulo tolira ndinatitsuka bwinobwino. Timalowa mu Alps akuda popanda kudula kanthu, ndiye ngati mtima wanu uli pa kulira kwa tyaa tyaa, ndikupatsani 10 muyesere pa mabatani a manambala. Sipuling'i ikakuthawirani pansi pa kabati, zomwe zidzachitike ndithu, ndili nazonso zambiri. Loweruka m'mawa ndimakhala cha ku Ginnery Corner. Ndilembereni kumbali, ndipo mubwere ndi switchi yoyamba ija mutatsegula kuti tione fumbi lake limodzi.