Mnzanga wamasiye akukwatiwanso ku Johannesburg: kodi ndipite ku ukwati wake?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangula, amene anapempha kuti ndisatchule dzina lake. Iye ali ndi mnzake amene anakulira naye limodzi, ndipo mwamuna wa mnzakeyo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo n'kumusiyira ana atatu. Zinthu zitathina, mayi wofedwayo anasiya anawo m'manja mwa amayi ake n'kupita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'nyumba. Tsopano wapeza banja ndi bambo wa komweko, amenenso mkazi wake anamwalira, ndipo ukwati udzachitika mu Julaye. Wolemba kalatayu waitanidwa, koma mtima wake sukukhazikika, chifukwa ndi iye amene anaperekeza mkwatibwi pa ukwati woyamba uja, komanso amapemphera tchalitchi chimodzi ndi amayi a malemu. Anthu ena ayamba kale kunena kuti akapita ndiye kuti wanyoza manda. Wafunsa za kayendedwe, za katundu woti akagule, ndipo kumapeto kwenikweni wafunsa ngati n'koyenera kuti mayi wa ana atatu akwatiwenso.

Achemwali, ndiyamba ndi funso lanu lomalizalo, pakuti ndi limene likukusowetsani tulo. Ine ndikuti pitani, ndipo mukavine ndi mtima woyera.

Makolo athu sanaikepo lamulo lakuti mkazi wamasiye akhale yekha mpaka imfa. Maliro akatha, anthu akameta ndipo nthawi yolira ikakwana, akuchimuna ankasudzula mkaziyo pamaso pa ankhoswe, kutanthauza kuti amumasula ndipo angathe kukwatiwa kwina popanda womuloza chala. Kuno kuchigwa, makamaka m'mabanja olowola monga a Asena, panalinso chokolo, pamene mchimwene kapena mbale wina wa malemu ankalowa m'nyumba ya mkazi wamasiye, ndipo panali mwambo wa kupita kufa, wokakamiza mkazi wamasiye kugona ndi mwamuna wina poti amuyeretse, umene wavulaza amayi ambiri ku Nsanje ndi ku Chikwawa, makamaka chibwerereni matenda a Edzi. Taganizirani bwino zimenezi. Mkazi wamasiye akatengedwa chokolo, palibe amene ankanena kuti manda anyozedwa, ngakhale patangodutsa miyezi yochepa. Mawu akuti wanyoza malemu amamveka pokhapokha mkaziyo akasankha yekha mwamuna wake. Choncho chimene chikuwawa anthu enawo si ukwati wachiwiri ayi, koma kuti sanafunsidwe ndiponso kuti wosankha ndi mwini wake.

Ndikulankhula zimenezi chifukwa ndinaziona pakhomo pathu ku Ngabu. Azakhali anga anafedwa asanakwanitse zaka makumi atatu, ndipo anapatsidwa kwa alamu awo amene anali kale ndi akazi awiri. Sanamenyedwepo, sanagonepo ndi njala, koma ndinakula osawamvapo akuseka mokweza. Atakalamba anandiuza tsiku lina tikutola thonje kuti panali mnyamata wina wa kutsidya la Shire amene anawafunsira atafedwa, ndipo akanaloledwa akanapita naye. Anazinena mopanda mkwiyo, ngati munthu amene akukamba za munda umene unakokoloka kale ndi madzi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva kuti mayi wamasiye wasankha yekha banja, ine ndimakondwera.

Malamulo a dziko lathu nawonso ali mbali ya mnzanuyo. Lamulo la mu 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa miyambo yovulaza munthu, ndipo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye linaika kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake m'gulu la milandu. Popeza mwatchula za tchalitchi, mukawerenge 1 Akorinto 7:39, pamene akufotokoza kuti mkazi amene mwamuna wake wamwalira ndi womasuka kukwatiwanso. Abusa anu akudziwa bwino ndime imeneyo.

Komabe sindikufuna kuti muone amayi a malemu ngati adani. Mayi amene anaika mwana wake m'manda amaona ukwati wachiwiri wa mpongozi wake ngati maliro achiwiri, ndipo mantha ake enieni ali pa zidzukulu. Kumene kunaperekedwa malowolo, ana amawerengedwa kuti ndi a kuchimuna, ndiye agogowo akudzifunsa ngati anawo sadzatengedwa kupita ku Joni, n'kuiwala chilankhulo chawo, mfunda wawo ndi manda a bambo awo. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, ndipo mnzanu ayenera kuiyankha ndi mawu omveka bwino. M'kalata yanu simunanene ngati anasudzulidwa mwamwambo. Ngati sanatero, mulangizeni atume ankhoswe ake kwa akuchimuna ukwati usanachitike, akanene nkhaniyi mwaulemu, ndipo akagwirizane za kumene ana adzakhale, za sukulu yawo, ndi za munda kapena nyumba imene malemu anasiya. Si kupempha chilolezo, chifukwa iye ndi wamkulu ndipo sakusowa chilolezo cha munthu, koma ndi kutseka pakamwa pa amiseche ndiponso kuteteza ana kuti asadzakhale chingwe chokokanirana.

Pali chinanso chimene mnzanu weniweni yekha angathe kumuuza mkwatibwi pamene ena onse akukamba za diresi ndi keke. Ku South Africa, anthu akakwatirana osalemberana pangano lapadera kwa loya ukwati usanachitike, lamulo limaphatikiza chuma chawo chonse kukhala chimodzi, pamodzi ndi ngongole zomwe. Kwa mtsikana amene akuyamba kumene moyo, mwina zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma kwa mayi wa ana atatu amene akukwatiwa ndi bambo amenenso ali ndi ana ake ndi abale ake, ndi nkhani yofunika kuimvetsa asanasayine. Mufunseni ngati anakambirana zimenezi, ndipo mukumbutseni kuti ofesi yolembetsa maukwati kumeneko imafuna kalata ya imfa ya mwamuna woyamba monga umboni wakuti iye ndi womasuka. Ngati kalatayo inatsala ku Bangula, kapena inanyowa ndi madzi a Freddy mu 2023 monga zinachitikira mapepala a mabanja ambiri kuno, yambani kuilondola lero, chifukwa mwina inu ndi amene mudzamutengere.

Tsopano za ulendo. Choyamba ndi pasipoti, ndipo musaidikirire mpaka Juni. Onani tsiku limene ikutha ntchito komanso ngati muli masamba okwanira opanda chidindo, popeza paulendo wa pabasi mudzadinditsa potuluka ndi polowa pa malire atatu, ndipo pobwerera chimodzimodzi. Ngati mulibe, pitani msanga ku ofesi ya Immigration ku Blantyre. Ife Amalawi sitifuna viza pa ulendo waufupi wotere, koma ku South Africa amatipatsa masiku osapitirira 30, ndipo nthawi zina wodinda amalemba ochepera pamenepo. Mukangolandira pasipoti yanu pa Beitbridge, werengani tsiku limene alemba musanachoke pawindo. Munthu akapitiriza masiku amene anapatsidwa, amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu. Nyamulani kalata yokuitanani ku ukwati, adiresi ya kumene mukafikire, nambala ya foni ya mnzanuyo yolembedwa papepala, ndi tikiti yobwerera.

Kuchokera ku Bangula mudzakwera minibasi kudutsa Ngabu ndi Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kukwera mapiri a pa Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo ndi bwino kukagona kumeneko tsiku limodzi ulendo usanayambe. Basi imadzera ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka pa Beitbridge pamene pali mtsinje wa Limpopo, kenako Musina, Polokwane, Pretoria ndi Johannesburg. Ndi msewu wopita kumene ankapita agogo athu aamuna pa nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, dzina limene linatsalira pa siteji ya basi ku Blantyre mpaka lero. Werengerani masiku awiri, chifukwa pa Beitbridge pokha mungathe kukhala maola ambiri pamzere, kawirikawiri usiku. Ndege yochokera ku Chileka imatenga maola awiri ndi kanthawi, koma mtengo wake ndi wina, ndipo katundu wololedwa ndi wochepa. Mulimonse mmene mungayendere, pasipoti ndi ndalama zikhale pathupi panu, osati m'chikwama chimene chili pansi pa basi, ndipo musavomere kunyamulira munthu wosamudziwa phukusi lililonse, ngakhale akhale wolankhula Chisena chokoma bwanji. Pa Park Station, siteji yaikulu ya mabasi ku Johannesburg, musatuluke panja nokha ndi katundu, dikirani m'kati kufikira wokuchingamirani afike.

Chimene anthu a kwathu kuno amaiwala kwambiri ndi kuzizira. Ife tinazolowera kutentha kwa mu Okutobala kumene kumapitirira madigiri 40, ndipo Nsanje ndi dera lotsika kuposa onse m'Malawi. Johannesburg ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa mu Julaye udzu umayera ndi chisanu. Ine nditapita koyamba ndinatsika basi ndili ndi juzi yopyapyala imene ndinkaiona ngati yokwanira, ndipo mano anagundana mpaka dzuwa linatuluka. Gulani jekete lochindikala, masokosi ndi chipewa pa kaunjika musananyamuke, ndipo mutenge kabulangete kofunda m'basi.

Pa nkhani yogula katundu ndilankhula mosabisa, chifukwa apa ndi pamene amayi ambiri amabwerako ndi misozi. Kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi inakwera mtengo kwa ife, ndipo kupeza ndalama zakunja ku banki si chinthu cha tsiku limodzi. Pitani ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama kudakali nthawi, mutanyamula pasipoti ndi tikiti, ndipo musunge lisiti. Musatenge katapila chifukwa cha ulendo umenewu, ndipo ngati mukubwereka ku banki m'khonde, bwerekani ya thiransipoti yokha, osati ya geni imene simunaichitepo. Anthu akangomva kuti mukupita ku Joni, adzabwera ndi mndandanda wa nsapato, mafoni ndi mabulangete, ambiri a iwo opanda ndalama m'manja. Wopereka ndalama yake yonse pamodzi ndi ya msonkho, mugulireni ngati malo alipo. Wongolonjeza kuti adzalipira mukabwera, mukaneni mwaulemu.

Ngati mukufuna nsalu, makatani ndi zoyala pabedi, pemphani mnzanu akuperekezeni ku Oriental Plaza ku Fordsburg, kumene kunenerera mtengo n'kololedwa. Zovala ndi nsapato zotsika mtengo zimapezeka m'tauni cha ku Small Street ndi m'masitolo aakulu a Matchaina, koma kumeneko anthu ndi ochuluka ndipo opisa m'matumba ndi ochenjera, choncho musapite nokha kapena kutulutsa foni pamsewu. Musanagule chinthu, sinthani mtengo wake kukhala makwacha, muwonjezere ya kulemera kwa katundu m'basi ndi msonkho wa MRA pa Mwanza, kenako muyerekeze ndi mtengo wa ku Limbe. Mudzadabwa kuti zinthu zina sizipindulitsa konse kuzinyamula mtunda wonsewo. Malisiti onse asungeni pamodzi, chifukwa ndi amene amakuthandizani pa chipata. Mabulangete ochindikala amene aliyense amathamangira ndi abwino kwa wa ku Dedza, koma ku Bangula mudzafunda milungu ingati pachaka? Ine ndikanakhala inu ndikanagula nsapato zolimba za sukulu za ana, mapoto abwino, ndi chinthu chimodzi chokha chokongola cha inu mwini, choti muzidzakumbukira nacho ulendowu.

Mphatso ya mkwatibwi musakaigule kumeneko. Mayi amene akukwatiwa kachiwiri ali nazo kale mbale ndi makapu, ndipo za m'masitolo a ku Johannesburg amaziona tsiku ndi tsiku. Chimene alibe ndi cha kwawo. Mutengereni zitenje zabwino, tiyi wa ku Thyolo, tsabola wa Nali wa m'botolo, ndi zithunzi zatsopano za ana ake ndi amayi ake. Ndikudziwa kuti mtima ukufuna kumutengera mlamba wouma ndi masau, koma nsomba, nyama, zipatso ndi mbewu zimafuna chilolezo pa malire ndipo zingathe kulandidwa, choncho musaikepo ndalama zambiri. Sungani ndalama zing'onozing'ono za perekaniperekani ngati Amalawi a kumeneko akonza mwambo wa kwathu, ndipo mufunsiretu ngati pali nsalu ya yunifomu kuti mukasoketse kwa telala wanu wa pa Bangula, amene amadziwa kale muyezo wanu.

Pa ukwatiwo mwina inu nokha ndi amene mudzakhale munthu amene anamudziwa mkwatibwi ali mtsikana, amene anaona ukwati wake woyamba ndiponso anakhala naye pa mphasa usiku wa maliro. Akuchimuna atsopanowo adzakuyang'anani kuti adziwe ngati mkazi amene akutenga ali ndi abale, ndipo mkazi amene waoneka kuti ali ndi kwawo sapeputsidwa msanga. Dziwanani ndi alongo ake a mkwati, tengani manambala awo, ndipo mukaone ndi maso anu nyumba imene mnzanu azikakhala.

Musananyamuke, pitani nokha kwa amayi a malemu, musadikire kuti amve kwa ena. Khalani nawo pakhonde, muwauze tsiku limene mukunyamuka ndi limene mudzabwere, ndipo muwafunse ngati ali ndi mawu oti mukanene kwa mpongozi wawo. Mwina adzalira, mwina adzangokhala chete, ndipo musawakakamize kudalitsa chimene mtima wawo sunachilandire. Pobwerera muwagulire mpango kapena shawelo yofunda popita ku mapemphero a m'mawa, ndipo popita kukawapatsa mutengane ndi zidzukulu zawo zitatuzo.