Kodi n'zoona kuti Britain ilibe malamulo oyendetsera dziko? Yankho kwa aphunzitsi a ku Dedza

Aphunzitsi ena a pasekondale ku Dedza anditumizira imelo yokhala ndi mafunso omwe ana a Fomu 4 anawapanikiza nawo m'kalasi. Kodi n'zoona kuti Britain ilibe malamulo aakulu oyendetsera dziko? Ngati n'zoona, dzikolo limayenda bwanji? Nanga zinatheka bwanji kuti m'chaka chimodzi chokha, 2022, Britain ikhale ndi nduna zazikulu zitatu popanda chisankho, pamene ku America pulezidenti amazengedwa mlandu ndi aphungu koma osachoka pampando? Kumapeto aphunzitsiwo akuti ndinene mosapsatira njira yomwe ndikuiona yabwino.

Aphunzitsi, anawo afunsa zanzeru, ndipo zomwe anamvazo n'zoona mbali imodzi. Britain ili nawo malamulo oyendetsera dziko, kungoti sanasonkhanitsidwe m'buku limodzi monga athu kapena a ku America. Ena ndi akalekale, monga Magna Carta ya 1215, pomwe akuluakulu a dziko anakakamiza Mfumu John kuvomera kuti nayo ili pansi pa lamulo, ndi Bill of Rights ya 1689, yomwe inaletsa mfumu kukhometsa msonkho kapena kuimitsa malamulo Nyumba ya Malamulo isanalole. Ena ndi adzulodzuloli, monga lamulo la maufulu a anthu la 1998. Kuwonjezera apo pali zigamulo za makhoti, kenako pali mwambo.

Mwambowu ndi umene umatizunguza mutu ife ozolowera kufunsa kuti "zalembedwa pandime iti?" Mwalamulo, mfumu ya ku Britain ikhoza kukana kusainira bilu yomwe aphungu avomereza. Koma womaliza kutero anali Mfumukazi Anne mu 1708, ndipo lero Mfumu Charles itangoyesa, ufumuwo ungagwedezeke. Palibenso lamulo lolembedwa loti mfumu iziitana mtsogoleri wa chipani chokhala ndi aphungu ambiri kuti akhale nduna yaikulu, komabe zimatero. Zili ngati kulowa ufumu kumudzi kwathu kuno: sizinalembedwe kuti woyenera ndi wa bere liti, koma aliyense amadziwa, ndipo wolambalala mwambo mbumba imamukana.

Chomwe muwatsindikire anawo n'chakuti ku Britain kulibe lamulo loposa Nyumba ya Malamulo. Chimene aphungu a lero amanga, a mawa akhoza kumasula. Mu 2011 anakhazikitsa lamulo loti chisankho chizichitika zaka zisanu zilizonse, nduna yaikulu isamangochiitanitsa ikafuna. Mu 2022 analifafaniza ndi voti wamba, yofanana ndi yosinthira lamulo la pamsewu.

A ku America anayambira pena. Madera 13 omwe anagalukira Britain mu 1776 anali atalawa ulamuliro wa mfumu komanso wa nyumba ya malamulo ya ku London, yomwe inkawakhometsa msonkho iwo alibemo phungu ngakhale mmodzi. N'chifukwa chake nthumwi zomwe zinakumana ku Philadelphia mu 1787 zinalemba chikalata chokayikira aliyense wogwira mphamvu. Zinagawa mphamvuzo patatu, n'kukonza zoti nthambi iliyonse izitha kutchinga inzake. Lero aphungu 435 a nyumba yaing'ono amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, masenata 100 a nyumba yaikulu, ya Senate, amakhala zaka 6, pulezidenti zaka zinayi, moti n'kovuta kuti chipani chimodzi chigwire zonse kwa nthawi yaitali. Pulezidenti akhoza kukana bilu, aphungu n'kumugonjetsa pokhapokha magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri atagwirizana. Ndipo kuyambira pa mlandu wa Marbury ndi Madison mu 1803, khoti lalikulu lili ndi mphamvu yothetsa lamulo lotsutsana ndi chikalatacho. Kuchisintha ndi ntchito yaikulu: pafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri, kenako zigawo 38 mwa 50 za dzikolo zivomereze. Chasinthidwapo maulendo 27 okha, ndipo 10 oyambawo anabwera pamodzi mu 1791. Komaliza kunali mu 1992.

Tsopano za 2022 zija. Munthu wa ku Britain savotera nduna yaikulu. Amavotera phungu wa dera lake, mwa madera 650, ndipo nduna yaikulu imakhala pampando malinga ngati aphungu ambiri akadali nayo. Akaitaya, yapita. Mu July 2022 nduna ndi ena a maudindo m'boma oposa 50 anatula pansi maudindo awo m'masiku ochepa atatopa ndi nkhani za nduna yaikulu Boris Johnson, iye n'kulengeza kuti achoka. Chipani cha Conservative chinasankha Liz Truss, yemwe ndondomeko yake yotsitsa misonkho popanda kufotokoza komwe ndalama zichokere inagwetsa mphamvu ya paundi. Anakhala masiku 49 okha, n'kubwera Rishi Sunak. Ngakhale Margaret Thatcher, yemwe anapambanitsa chipani chake zisankho zitatu, anakankhidwa ndi anzake omwe mu 1990.

Pulezidenti wa ku America sadalira aphungu kuti akhale pampando, chifukwa ali ndi voti yakeyake ndi zaka zake zinayi. Kulephera ntchito si chifukwa chomuchotsera. Pafunika mlandu, monga kupereka dziko kwa adani kapena ziphuphu, ndipo nyumba yaing'ono ikamuimba mlanduwo pafunikanso magawo awiri mwa atatu a masenata, omwe lero ndi 67. Pulezidenti Andrew Johnson anapulumuka ndi voti imodzi mu 1868. Bill Clinton anapulumuka. Donald Trump anaimbidwa mlandu kawiri, mu 2019 ndi mu 2021, ndipo kachiwiriko masenata 57 anamupeza wolakwa, osakwanabe. Richard Nixon yekha ndiye anachoka, mu 1974, potula yekha pansi udindo ataona kuti a chipani chake amutaya.

Kwa ine, pomwe kusiyanaku kumaonekera mopweteka ndi pa nkhani ya mfuti. Mu March 1996 munthu wina analowa pasukulu ya pulayimale ku Dunblane, ku Scotland, n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo. Pomwe 1997 imatha, aphungu anali ataletsa pafupifupi mfuti zonse zazing'ono zogwira ndi dzanja limodzi ku England, Scotland ndi Wales. Panalibe khoti lowatchinga. Mu December 2012 zoterezi zinachitika pasukulu ya Sandy Hook ku Connecticut, ku America, komwe anaphedwa ana 20 ndi akuluakulu 6. Mu April 2013 bilu yongofuna kuti mbiri ya ogula mfuti izifufuzidwa mokulirapo inapeza mavoti 54 ku Senate n'kugwa, chifukwa pamafunika 60. Nambala ya 60 imeneyi mulibe m'chikalata cha 1787. Ndi lamulo lomwe masenata anadziikira okha, ndipo izi zikuonetsa kuti nawonso a ku America amayendera zambiri zomwe makolo awo sanalembe. Ngakhale biluyo ikanadutsa, kuletseratu mfuti monga anachitira ku Britain sikukanatheka, popeza mu 2008 khoti lalikulu linagamula kuti kusintha kwachiwiri kwa chikalatacho kumapatsa munthu ufulu wosunga mfuti pakhomo. Ndikaganiza za makolo a ana 20 aja, sindingayamikire dongosolo lomwe limamanga manja a boma mpaka pamenepa.

Komatu liwiro la ku Britain lili ndi ngozi yakeyake. Pa chisankho cha 2024 chipani cha Labour chinatenga mipando 411 mwa 650 ndi mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse. Chipani chotere chikhoza kudutsitsa chilichonse, popeza nyumba inayo, ya Lords, yomwe mamembala ake savoteredwa n'komwe, imangotha kuchedwetsa mabilu ambiri. Makhoti akhoza kuimitsa nduna yaikulu, monga anachitira mu September 2019 pomwe majaji onse 11 anati Boris Johnson analakwa kutseka Nyumba ya Malamulo kwa masabata asanu. Koma lamulo lopangidwa ndi nyumbayo sangalithetse. Mu November 2023 khoti lalikulu linati n'kosaloledwa kutumiza ku Rwanda anthu opempha malo othawirako, chifukwa akhoza kubwezedwa kumene anathawa. Mu April 2024 aphungu anangopanga lamulo lonena kuti Rwanda ndi malo otetezeka. Ndondomekoyo inafa chifukwa boma linagonja pa chisankho, osati chifukwa cha khoti.

Zonsezi zalowa m'magazi a anthu. Wogwira udindo ku America amalumbira kuteteza chikalata, pamene phungu wa ku Britain amalumbira kukhulupirika kwa mfumu. Popeza chikalata n'chovuta kusintha, a ku America amakamenyera nkhondo zawo za ndale kukhoti, ndipo kusankha mmodzi wa majaji 9 a khoti lalikulu, omwe amakhala paudindo moyo wawo wonse, kumagawa dziko pakati. Majaji a ku Britain amapuma pa zaka 75, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe mayina awo. Lachitatu lililonse nyumba ikamakumana, nduna yaikulu imaima pamaso pa aphungu kuyankha mafunso, akuikuwiza. Pulezidenti wa ku America safunsidwa motero. Sunak anagonja Lachinayi pa 4 July 2024, Lachisanu Keir Starmer anali atalowa kale ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu. Ku America wopambana mu November amadikira mpaka pa 20 January, ndipo mkati mwa masiku amenewa ndi momwe gulu la anthu linathyola n'kulowa ku Capitol, Nyumba ya Malamulo ya ku America, pa 6 January 2021.

Musawaphunzitse anawo kuti limodzi mwa mayiko awiriwa ndi loyera. Chikalata cha ku America chinakhalira limodzi ndi ukapolo mpaka 1865, nkhondo yapachiweniweni itatha, ndipo ngakhale kusintha kwa 1870 kunapatsa amuna akuda ufulu wovota, ambiri a kummwera anaupeza m'manja pambuyo pa lamulo la 1965. Mwambo wa ku Britain nawo sunkawoloka nyanja. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti Nyasaland ili pachiopsezo, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa osazengedwa mlandu, ena anawomberedwa ku Nkhata Bay. Jaji wa ku Britain komweko, Patrick Devlin, atafufuza analemba kuti dziko lino linali litasanduka lolamulidwa ndi apolisi.

Mwati ndisankhe. Pochotsa mtsogoleri wolephera, njira ya ku Britain ndi yabwino kuposa, ndipo ndimaisirira. Koma imagwira ntchito pokhapokha aphungu ali olimba mtima moti n'kuuza mtsogoleri wawo kuti basi, ndipo iye n'kuchita manyazi. Ife tinaiyesapo. Pa 6 July 1964 tinalandira ufulu ndi dongosolo la ku Britain, Dr. Banda ali nduna yaikulu. Mu September chaka chomwecho nduna zitasemphana nawo, aphungu anaima ndi Dr. Banda, ndunazo n'kutha pandale, zina kuthawa m'dziko. Mu 1966 tinakhala dziko la chipani chimodzi, mu 1971 pulezidenti wa muyaya, ndipo zonsezi zinadutsa m'Nyumba ya Malamulo. N'chifukwa chake kwa Malawi ndimasankha buku lolembedwa, lovuta kusintha, lokhala ndi khoti loliteteza. Ndime 5 ya malamulo athu a 1994 imati lamulo lililonse lotsutsana nawo n'lopanda mphamvu. Bilu yochotsa malire a matemu a pulezidenti inagwa mu July 2002 chifukwa sinakwanitse magawo awiri mwa atatu, ndipo pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019.

Chomwe ndikanakonda titatengako ku Britain chili kale m'buku lathu. Ndime 89 imati pulezidenti aziitanidwa ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu. Inakhala zaka zambiri osatsatidwa, mpaka a Lazarus Chakwera anakaima pamaso pa aphungu mu September 2020. Aphunzitsi, awerengereni anawo ndime ziwirizi, 5 ndi 89, ndipo phungu wa dera lanu akadzabwera pasukulu adzamufunse kuti ya 89 amaiumirira motani kwa aliyense wokhala pampando, kaya ndi wa chipani chake kaya ayi.