Ndere za pakhoma zachita chuku m'botolo: kodi zafa?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Manchester. Akuti pa kampanda ka njerwa ka kuseri kwa nyumba imene akuchita lendi pamamera ndere zozungulira ngati timitsamiro, zokhala ndi tiubweya totuwa pamwamba. Anazikonda, anatola zitatu zimene zinagwa pansi, n'kuziika m'botolo lagalasi pamwamba pa dothi la maluwa, n'kutseka. Amazipopera madzi m'mawa ndi madzulo. Patha milungu itatu, ndere zija zayamba kufiira ndipo pamera chuku choyera. Akufunsa ngati zafa, feteleza amene angathire, komanso ngati n'zoona kuti munthu akapera ndere n'kusakaniza ndi yogati zimamera msanga. Anatumizanso zithunzi ziwiri.

Mayi, musanawerenge zambiri, pitani mukatsegule botololo. Muchotsemo ndere zonse zitatu, musase dothi limene lamatirira kunsi kwake, muziike pa njerwa panja pamene pakupita mphepo, ndipo lero musazithire madzi. Feteleza musagule n'komwe. Mukatero mubwere tikambirane.

Zithunzi zanu ndaziona bwino. Ndere zimenezi akatswiri amazitcha Grimmia pulvinata. Dzina loyambalo ndi lokumbukira Johann Friedrich Carl Grimm, dokotala wa ku Gotha m'dziko la Germany amene ankafufuzanso za zomera, ndipo lachiwirilo likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza mtsamiro. Choncho mmene munazifotokozera munalasa ndithu. Ku Britain kuno zili paliponse: pamakoma, pamatailosi a denga, pamiyala ya kumanda, pasimenti wa milatho. Zimapirira utsi wa m'tauni kuposa ndere zambiri, n'chifukwa chake mwazipeza pakati pa mzinda waukulu chonchi.

Ndikuona kuti chimene chimatisokoneza ife ndi mawu akuti ndere. Kwathu ndere ndi zobiriwira za padziwe zija, ndi zoterera za pamjigo zimene zimagwetsa ana, ndi zapakhoma la bafa nthawi ya dzinja. Zonsezo ndi za pamadzi, ndiye tikamva ndere timaganiza chinyezi basi. Koma izi ndi za pamwala wouma. Ndi kachomera kenikeni kokhala ndi tsinde ndi masamba, kutalika kwake sentimita imodzi kapena awiri, ndipo timatsinde tambirimbiri timathinana pamodzi n'kupanga kamtsamiro kamene mukuonako. Mizu zilibe. Kunsi kuli tiulusi timene ntchito yake yaikulu ndi kugwira mwala kuti zisauluke. Madzi ndi chakudya zimamwera m'masamba, kuchokera ku mvula, mame ndi fumbi limene mphepo imasiya. Dothi la maluwa limene munagula lija silikuzidyetsa kanthu. Likungosunga madzi kunsi kwake usana ndi usiku, ndipo chimene chikudya manyowa ake ndi chuku.

Moyo wa ndere zimenezi ndi kunyowa n'kuuma, kunyowa n'kuuma. Dzuwa likawomba zimauma gwa, masamba amafungatirana, mtundu umasanduka wotuwa ngati phulusa, ndipo zonse za m'kati zimaima. Munthu wosadziwa amati zafa. Zimatha kukhala choncho milungu yambiri. Mvula ikangodontha, masamba amatambasuka maso akuona, zobiriwira zimabwerera, ndipo pakapita kanthawi zimayambiranso kupanga chakudya. Tsiku lina kukauma, tengani madzi pang'ono mukadontheze pa kamtsamiro kamodzi ka pakhoma paja, muime pomwepo. Ine ndakhala ndikuchita zimenezi zaka zambiri koma mpaka lero ndimaitana aliyense amene ali pafupi kuti adzaone.

Tiubweya totuwa tija, timene ine ndimati imvi, ndi nsonga za masamba. Tsamba lililonse limathera ku kaubweya koyera kotalika pafupifupi ngati tsamba lenilenilo. Imvizo zimaphimba kamtsamiro kuti dzuwa lisalowe kwambiri ndiponso kuti madzi asathe msanga, ndipo m'mamawa mudzaona mame atakodwa mmenemo. Chomera chovala chonchi chinakonzekera dzuwa ndi mphepo, osati botolo lotseka. Ndipo pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa: zikakhala zouma zimapirira kutentha kwa mwala wa masana, koma zikakhala zonyowa kutentha komweko kumazipha. Botolo lotseka loikidwa pawindo kapena pafupi ndi hita limapereka zonse ziwiri nthawi imodzi, kunyowa ndi kutentha. Zili ngati kuphika ndiwo pamoto wochepa.

Musadziimbe mlandu. Malangizo a botolo amene munawaona si abodza, koma ndi a ndere zina. Ogulitsa zomera za m'magalasi ali ndi mtundu wotchedwa Leucobryum glaucum, nawonso wopanga timitsamiro, koma tikulutikulu, tobiriwira motuwa, tofewa ngati thonje. Umenewo ndi wa m'nkhalango ndi m'madambo, umakonda mthunzi, chinyezi ndi nthaka yowawasa. Pa Chingerezi mitundu iwiriyi anthu amangoiphatikiza pa dzina limodzi la cushion moss, ndiye munthu amatenga malangizo a ndere za m'nkhalango n'kuzunza nawo za pakhoma.

Tsono zanu zafa kapena ayi? Zisiyeni panja ziume masiku anayi kapena asanu, chuku chidzafota chokha. Kenako muzidontheze madzi a mvula. Ngati nsonga zatambasuka n'kuoneka zobiriwira, zili moyo. Kunsi kukakhala kofiirira musadandaule, ndi mmene zimakhalira, chifukwa zimakula kunsonga ndipo zakale zimatsalira m'kati. Koma ngati kamtsamiro kada, kakuterera, kakununkha ndipo kakuphwasuka mukakagwira, kameneko katayeni. Pa chithunzi chanu chachiwiri, ka kumanzere ndikukakayikira. Tiwiri tinato ndikukhulupirira kuti tidzuka.

Tibwere pa kubzala. Pezani mwala woyenera. Ndere zimenezi zimakonda pamene pali laimu: chidutswa cha konkire wakale, njerwa imene idakali ndi simenti wake, tailosi la konkire logumuka padenga, kapena mwala wa laimu. Mukafuna kudziwa ngati mwala uli ndi laimu, donthezani viniga pakona. Ukachita tithovu, ndi womwewo. Mutsuke pamenepo musanaikepo ndere. Konkire wongoumbidwa kumene ayi, amawotcha, ayambe wakhalitsa pamvula. Mwala wosalala ngati galasi nawonso ayi, sankhani wokhakhala, wa ming'alu ndi timaenje. Nyowetsani mwalawo, nyowetsaninso kamtsamiro, mukakanikize pa mng'alu ndi chala mpaka kunsi kwake kukhudze mwala ponseponse. Pasakhale dothi pakati. Kenako mangani ndi ulusi wosokera, kuzunguliza mwala wonse kangapo, kapena phimbani ndi kaukonde kamene amagulitsiramo malalanje. Ukondewo umatetezanso ku mbalame, zimene zimakonda kugwedula ndere pofuna tizilombo ta kunsi. Ndikukhulupirira kuti zitatu zanuzo zinagwetsedwa ndi mbalame zomwezo.

Mwalawo ukhale panja, pamalo owala, opita mphepo, pamene mvula imafika koma madzi sadikha. Muupendeke pang'ono. Ngati mungathe, muuike pafupi ndi khoma limene zinachokera ndipo uyang'ane mbali yomweyo, chifukwa ndere zinasankha kale malo amene zimawakonda. Nthawi yabwino yoyamba ntchitoyi kuno ndi Seputembala mpaka Novembala, pamene kwazizira ndipo mvula ikugwa pafupipafupi. Chisanu musachiope, sizifa nacho.

Za yogati, ine ndinayesapo. Ndinawerenga penapake, ndinapera ndere, ndinasakaniza, ndinapaka pa miyala iwiri ndi mtima wonse. Pa sabata imodzi panali fungo ndi ntchentche, sabata yachiwiri chuku, kenako mvula inakokolola zotsala. Zinandipweteka chifukwa ndere zimene ndinaperazo zinatenga zaka kuti zifike pamenepo. Chimene chili choona m'nkhaniyi n'chakuti kachidutswa ka ndere kangathe kuphuka n'kukhala chomera chatsopano. Mkakawo ndiye wosafunika. Ngati mukufuna kuchulukitsa, umitsani kamtsamiro kamodzi, mukafikise ndi zala kakhale tizidutswa, muthire m'ming'alu ya mwala wonyowa n'kutsindira, muphimbe ndi kaukonde. Poyamba mudzangoona ngati mwala wapakidwa zobiriwira pang'ono. Timitsamiro tenitenito timabwera mochedwa. Werengani zaka, osati milungu.

Kuthirira ndi kochepa. Miyezi iwiri yoyamba, kukakhala kopanda mvula masiku angapo, poperani madzulo kapena m'mamawa, ndipo muzilole ziume musanapoperenso. Masana dzuwa lili phwee musayerekeze. Madzi a mvula ndiye abwino, koma a pampopi a ku Manchester alibe vuto. Zikagwira mwala, zisiyireni mvula. Ntchito imene imatsala ndi kuchotsa masamba a mitengo amene agwerapo ndi kuzula udzu umene wamera pafupi, chifukwa zikaphimbidwa zimafa. Feteleza amangolimbikitsa udzuwo ndi ndere zoterera zija. M'nyumba mungalowetse mwala wanu tsiku limodzi kapena awiri alendo akabwera, kenako ubwerere panja.

Pali chinthu chimene ndikufuna mudzachione, ndipo pa ichi gulani kagalasi kokuzira zinthu kakhumi, sikadula. M'miyezi yozizira, yang'anani pamwamba pa timitsamiro ta pakhoma. Mudzaona timitu tobiriwira tokhala ngati timazira, tili pa timapesi topindika, taweramira m'kati mwa imvi ngati mwana wamanyazi amene wabisa nkhope pa chitenje cha amayi ake. Mmenemo ndi mmene muli timbewu take tonga fumbi. Kuwerama kumeneku ndi chizindikiro chimene chimasiyanitsa ndere zanu ndi mnzake wa pakhoma wotchedwa Tortula muralis, amene nayenso ali ndi imvi koma timitu take timaima chilili pa timapesi tatitali towongoka. Nthawi zambiri mudzawapeza onse awiri pa mzere umodzi wa simenti. Cha m'ma Malichi ndi Epulo timitu ta Grimmia timakhwima n'kufiira, timachita mizeremizere, timapesi timadzuka, kachivindikiro kamagwa ndipo mphepo imatenga timbewu tija. Apa pali njira ina yobzalira imene ine ndimaikonda kuposa zonse: ikani chidutswa cha konkire wakale m'munsi mwa khoma lanu lija n'kuchiiwala. Mphepo idzafesa yokha.

Munachita bwino kutola zakugwa m'malo mogwedula za pakhoma. Pitirizani choncho. Mphepo yamkuntho ikadutsa, yang'anani pansi pa denga ndi m'ngalande za madzi, mudzatola zokwanira. Ku England lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuzula zomera za kutchire popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo khoma la mpanda wa tchalitchi kapena la kumanda lili ndi eni ake. Mukadzapita kumudzi musadzanyamule m'chikwama, kwathu kuli zakezake. Phiri la Mulanje lili ndi mitundu yambiri ya ndere moti mu 1991 a bungwe la ku Britain la akatswiri a ndere, lotchedwa British Bryological Society, anapita kukazifufuza komweko. Kagalasi kanu kaja mudzakatenge.

Pakatha masiku asanu mundilembere mmene tiwiri tija tachitira mutatidontheza madzi, ndipo ngati mwapeza mwala munditumizire chithunzi chake musanamange ulusi.